Yankho kwa achemwali pa za mafupa a m'chiuno a mwana amene ali m'mimba

Achemwali, ndamvetsera uthenga wanu uja, woti pa sikani ya mwezi wa 5 mafupa a m'chiuno a mwana anaoneka ngati tizidutswa totalikirana, ndipo ngakhale adokotala ananena kuti zonse zili bwino, inuyo mtima sunakhale m'malo. Adokotalawo sanakubisireni kanthu, chifukwa pa msinkhu umenewo chiuno cha mwana aliyense chimaoneka chomwecho.

Fupa la m'chiuno limene munthu wamkulu ali nalo kumbali iliyonse ndi mafupa atatu amene amadzalumikizana pambuyo pake. Lotambalala lija, limene mumalikhudza mukagwira m'chiuno, amalitcha ilium, limene timakhalira tikakhala pansi ndi ischium, ndipo la kutsogolo pachinena ndi pubis. Atatu onsewa sayamba ali fupa. Cha m'sabata ya 6 mpaka ya 8 chikhalireni mimba, thupi limayamba laumba chiuno chonse ndi chichereŵechereŵe, chofewa ngati chimene mumachimva mukapinda nsonga ya mphuno.

Kuuma kumayambira pakati pa chidutswa chilichonse n'kumafalikira m'mbali pang'onopang'ono. Timitsempha ta magazi timaloŵa m'chichereŵechereŵe muja, maselo omanga fupa amabwera nato, ndipo amayamba kuyala kashiamu ndi fosifolasi zimene mwana amalandira kwa mayi kudzera mu nsengwa. Ilium ndiye amayamba, cha kumayambiriro kwa mwezi wa 3, ischium amatsatira cha m'mwezi wa 4, ndipo pubis amachedwerapo mpaka cha m'mwezi wa 5 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye pa tsiku limene munajambulidwa lija, makina anaonetsa moŵala malo okhawo amene anali atauma kale, pamene mipata yakuda imene inakudetsani nkhaŵa inali yodzaza ndi chichereŵechereŵe chimene sichiŵala choncho. Ntchito yaikulu ikadali m'tsogolo, popeza mwa magalamu pafupifupi 30 a kashiamu amene mwana amabadwa nawo, ochuluka zedi amaloŵa m'mafupa ake m'miyezi itatu yomaliza.

Chimene ineyo chimandichititsa chidwi ndi pamene mafupa atatuwa amakumana, m'kadzenje kamene mutu wa fupa la ntchafu umaloŵamo. Pamenepo chichereŵechereŵe chimatsala chooneka ngati chilembo cha Y, ndipo n'chimene chimalola kadzenjeko kukula pamodzi ndi mwana. Chikanauma msanga, kadzenjeko kakanatsala kakang'ono mwendo ukukula. Ngakhale kutakataka kwa mwana kumene mukukumva usiku kuli ndi ntchito yake, chifukwa mutu wa fupa la ntchafu ukamazungulira m'menemo umathandiza kuti kadzenjeko kaumbike bwino. Chilembo cha Y chija chimadzatsekeka mwana akamatha msinkhu, atsikana mofulumirirapo kuposa anyamata, ndipo m'mphepete mwa ilium mumamaliza kuuma munthu atapitirira zaka 20.

N'chifukwa chakenso mwana akabadwa, makamaka ngati anagona motsogoza matako m'mimba, madokotala akafuna kuona chiuno chake m'miyezi yoyambirira amagwiritsa ntchito sikani osati X-ray, popeza mutu wa fupa la ntchafu umayamba kuuma mwana ali ndi miyezi pafupifupi 4 mpaka 6, ndipo X-ray sionetsa bwino chimene sichinaume.