Mbewu zosafa ndi mankhwala opha udzu: kodi khasu tilitaye?

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera imelo. Akuti aganyu akwera mtengo, msana watha ndi kupalira, ndipo amva kuti kunja asayansi akukonza mbewu kuti ukapopera mankhwala udzu ufe, mbewu itsale. Akufunsa ngati imeneyi ndi GMO yomwe ija (mbewu yoikidwa jini, kapena kuti kachidutswa ka chibadwa, ka chamoyo china), komanso ngati khasu lapuma.

Zikomo mayi. Chomera chilichonse chili ndi enzayimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa ALS, imene imachithandiza kupanga zomangira thupi lake. Mankhwala opha udzu ngati imazapyr amakakamira pa enzayimuyo monga kiyi wothyokera m'loko. Chomera chimaleka kukula, kenako n'kuuma. Asayansi akasintha chilembo chimodzi chokha pa DNA ya mbewu, pomwe palembedwa malangizo a chibadwa chake, mankhwala aja amasowa pogwira, mbewu n'kumangokula. Chida chosinthira DNA chimene amagwiritsa ntchito kwambiri ndi CRISPR, chomwe Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anachilengeza mu 2012, n'kulandira nacho mphoto ya Nobel mu 2020.

Kusiyana kwake ndi GMO kulipo. Soya wa Roundup Ready amene kampani ya Monsanto inatulutsa ku America mu 1996 anamuika jini yochokera kwa bakiteriya wa m'dothi. Apa ayi, amangokonza zimene mbewuyo inabadwa nazo.

Koma khasu musalitaye. Udzu suona kuti mbewu yanu ndi GMO kapena ayi, umangoona mankhwala omwewo chaka ndi chaka. Pa zomera zikwizikwi pamapezeka chimodzi chosafa, chimabala, mawa munda wonse ndi ana ake. Alimi a thonje ku Georgia, ku America, anazionera okha. Pofika 2005 zinatsimikizika kuti udzu wotchedwa Palmer amaranth wasiya kufa ndi mankhwala opha udzu a glyphosate, ndipo anthu a mathirakitala akuluakulu anabwerera kolemba aganyu ozula ndi manja. Udzuwo, musaseke, ndi m'bale wake wa bonongwe.

Mpamene pali nkhawa yanga yaikulu. Munda wa ku Georgia ndi thonje lokhalokha mpaka pomwe maso alekezera. Wanuwo, ngati uli ngati wa mayi anga, m'mizere ya chimanga muli nyemba zoyanga, maungu atambalala pansi, nandolo m'mbali, ndiye bonongwe, chisoso ndi luni zomera zokha, zimene zimatipulumutsa pa ndiwo mu Januwale. Sipuleya sasankha. Chimanga chokonzedwacho chidzatsala, koma nkhwani mudzakagula pamsika.

Pomwe ine ndimaombera m'manja ndi pa kaufiti. Ameneyu amayamwa mizu ya chimanga asanatulukire pamtunda, ndiye pofika poti mumuone maluwa ake, chimanga chafinyika kale. Khasu limachedwa. Ku Kenya, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu la CIMMYT ndi kampani ya mankhwala ya BASF anatulutsa chimanga cha StrigAway, chopirira imazapyr, ndipo mankhwalawo amawapaka pambewu penipeni, osati kupopera munda wonse. Kaufiti akati agwire muzu, amafera pomwepo. Chimanga chimenecho sanachikonze ndi CRISPR, koma kusintha kwake kuli pa ALS yomweyo, ndipo CRISPR ingathe kuika kusinthaku msanga m'mbewu zimene alimi amazikonda kale. Mukadzachipeza, nyemba muzibzala motalikirako ndi phando la chimanga, ndipo musambe m'manja musanagwire mbewu ina.