Masheya amene akuluakulu akuwalambalala: mungawapeze bwanji kuno kwathu?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Mzuzu, ndipo amakhala ku Chibavi, atilembera pa imelo. Akuti asunga K800,000 ndipo awerenga pa intaneti kuti ku America anthu amapindula pogula masheya a makampani ang'onoang'ono amene mabungwe akuluakulu sawalabadira. Funso lawo ndi ili: "Kodi kwathu kuno zimatheka? Ndaona masheya ena akugulitsidwa pa mtengo wosafika K20. Ndiyambire pamenepo?"

Mayi, zimatheka, koma osati mmene mwawerengera. Ku America kuli makampani masauzande pa misika ya masheya, moti kampani yaing'ono ikhoza kukhala zaka popanda katswiri aliyense kutsegula mabuku ake. Pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kuyambira pamene NICO inakhala yoyamba kulowa mu 1996, makampani sanakwanebe 20. Aliyense woyendetsa ndalama za penshoni amawadziwa onse, monga mmene inu mumadziwira ana a m'kalasi mwanu. Palibe kampani yobisika.

Chimene chimawalepheretsa akuluakulu ndi kukula kwawo komweko. Tiyerekeze kuti bungwe la penshoni lili ndi K5 biliyoni yoti liike penapake, ndipo masheya a kampani ina amene amasinthana manja pa sabata ndi a K2 miliyoni yokha. Kuti bungwelo ligule mokwanira lingafunike masabata 2,500, zaka pafupifupi 48. Likakakamira kugula msanga, likweza lokha mtengo mpaka phindu lonse kutha. Ndiye limangodutsa n'kupita ku mabanki akuluakulu kapena kukabwereketsa boma. Inu ndi K800,000 yanu mukhoza kulowa pa khomo limene iwo sangakwanepo. Mwayi wanu wagona pamenepo basi, ndipo tibwererapo chifukwa khomo lomwelo limavuta potuluka.

Tsopano za masheya osafika K20 aja. Apa ndi pamene anthu ambiri oyamba kumene amapunthwa, ndipo tikufuna mumvetse bwino musanatulutse ngakhale tambala. Mtengo wa sheya imodzi sunena chilichonse za kutchipa kwa kampani. Tengani makampani awiri ongoyerekeza. Yoyamba ili ndi masheya 500 miliyoni, iliyonse pa K40, ndiye kampani yonse msika ukuiwerengera K20 biliyoni. Chaka chatha inapeza phindu la K5 biliyoni, kutanthauza K10 pa sheya iliyonse. Yachiwiri ili ndi masheya 10 biliyoni, iliyonse pa K3, ndiye yonse ndi K30 biliyoni, koma phindu lake linali K1 biliyoni yokha, matambala 10 pa sheya. Mukagawa mtengo wa sheya ndi phindu la pa sheya mupeza nambala imene a pamsika amaitcha P/E: yoyamba 4, yachiwiri 30. Pa K100 iliyonse imene mwaika m'kampani yoyamba, ikukupangirani K25 pa chaka. Yachiwiri ikukupangirani K3 ndi matambala ochepa. Sheya ya K3 ija ndiyo yodula, ndipo yodula kwambiri.

Nambala imeneyi musaiyang'ane payokha. Iyerekezeni ndi zimene boma likulipira likamabwereka. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo ma treasury bill a chaka chimodzi, zikalata zimene boma limabwerekera ndalama, ankalipira chapomwepo. Ngati boma likukupatsani K26 pa K100 popanda inu kudera nkhawa za malonda a kampani iliyonse, sheya imene ikupanga K3 pa K100 iyenera kukhala ndi chifukwa champhamvu, monga phindu limene likukula mofulumira chaka ndi chaka. Kukulako nakonso kuyezeni ndi kukwera mitengo kwa zinthu, kumene mu 2023 ndi 2024 kunali pamwamba pa 25 peresenti. Kampani ikalengeza monyadira kuti phindu lakwera ndi 15 peresenti m'chaka chotero, ndiye kuti yabwerera m'mbuyo.

Manambalawa simuyenera kuwagula kwa munthu. Kampani iliyonse ya pamsika imakakamizidwa kusindikiza zotsatira zake za theka la chaka ndi za chaka chonse, ndipo zimatuluka m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times komanso pa tsamba la msikawo. Ndi masamba aja a zilembo zing'onozing'ono amene ambiri timawadumpha pothamangira nkhani za mpira. Palinso chidziwitso chachifupi chimene kampani imatulutsa ikaona kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapita ndi 20 peresenti kapena kuposerapo. Chimenechi chimatuluka zotsatira zenizeni zisanafike, ndipo pa masheya amene sagulitsidwa kawirikawiri mtengo umatha kukhala masiku osasuntha ngakhale nkhani yabwino yalengezedwa kale. Sonkhanitsani malipoti a pachaka a zaka zisanu. Chaka chimodzi chimanamiza.

Pali mitundu iwiri ya makampani imene masamu ake amaonetsa kutchipa mosavuta, ndipo ndi kumene tingakulangizeni kuphunzirirapo. Woyamba ndi makampani amene chuma chawo ndi masheya a makampani ena. National Investment Trust (NITL) ndi chitsanzo: ntchito yake ndi kusunga masheya. Tsegulani lipoti lake, lembani masheya amene ili nawo m'kampani iliyonse, chulukitsani ndi mitengo ya lero, chotsani ngongole, kenako gawani ndi chiwerengero cha masheya a NITL. Mukapeza kuti chuma cha pa sheya ndi K100 pamene msika ukugulitsa pa K70, ndiye kuti mukugula thumba la chimanga pa mtengo wa ndowa ziwiri. Press Corporation nayo muiwerengere chimodzimodzi. Ili ndi masheya oposa theka a National Bank of Malawi, gawo lalikulu la TNM, ndi makampani ena amene sali pamsika monga PressCane ndi Ethanol Company ya ku Dwangwa. Werengani mtengo wa gawo lake la mu National Bank ndi TNM, muyerekeze ndi mtengo wa Press yonse. Kusiyanako kukuuzani ndalama zimene msika ukuwerengera zina zonse zotsalazo. Chenjezo ndi lakuti kampani yotere imakhalanso ndi ngongole zake ndiponso mabizinesi ena amene akudya ndalama, ndipo kutchipa kwa mtundu umenewu kukhoza kukhala zaka mtengo wa sheya usanakwere.

Mtundu wachiwiri ndi makampani a nyumba, MPICO imene ili ndi Gateway Mall ku Lilongwe ndi ICON Properties imene ili ndi Chichiri Shopping Centre ku Blantyre. Awa nthawi zina amagulitsidwa pansi pa mtengo wa nyumba zawo, ndipo munthu amakopeka msanga. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chaka chilichonse akatswiri amayesanso mtengo wa nyumbazo, ndipo ukakwera, kukwerako kumalembedwa ngati phindu ngakhale palibe kwacha imene yalowa ku banki. Kampani ikhoza kulengeza phindu la K12 biliyoni pamene K9 biliyoni ndi kukwera mtengo kwa nyumba, ndipo ya lendi yeniyeni ndi K3 biliyoni yokha. Werengerani P/E pa K3 biliyoniyo. Kenako pitani pa tsamba loonetsa ndalama zimene zalowadi ndi kutuluka, muone ngati lendiyo ikutoleredwa. Ngati mzere wa ndalama zimene alendi sanalipire ukukula chaka ndi chaka kuposa lendi yomwe, phindulo lili papepala, ndipo dividendi, gawo la phindu limene kampani imagawira eni masheya, siichokera papepala.

Musanakhulupirire kuti mwapeza chotchipa, dzifunseni chifukwa chimene ena akuchisiyira. Zifukwa zenizeni zimakhala m'masamba akumapeto a lipoti. Choyamba kuyang'ana ndi ngongole za ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Kampani imene imagulitsa m'makwacha koma ili ndi ngongole m'madola inadzuka tsiku limodzi ngongole yake itafufuma. Airtel Malawi, ngakhale inali ndi makasitomala ochuluka, inatseka chaka cha 2023 ndi kuluza chifukwa cha zimenezi. Kampani imene imapeza ndalama kunja, monga FMB Capital Holdings imene ili ndi mabanki ku Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, kugwa kwa kwacha imakumva mosiyana. Onaninso ngati kampaniyo ikufuna ndalama za ntchito yaikulu. Blantyre Hotels, eni ake a Ryalls, inapempha eni masheya kuti agule masheya atsopano mu 2024 pofuna kumanga hotelo ku Lilongwe. Zikatero, amene alibe ndalama zoonjezera gawo lake m'kampani limachepa, ndipo phindu la hotelo yatsopano limabwera patapita zaka.

Onaninso amene ali ndi mphamvu m'kampanimo. Mu Sunbird boma lili ndi 71 peresenti. Mu Illovo Sugar Malawi kampani yaikulu ya Illovo ili ndi 76 peresenti. Izi sizoipa pazokha, koma zikutanthauza zinthu ziwiri: masheya otsalira anthu wamba ndi ochepa, ndipo pa msonkhano wa pachaka voti yanu siisintha kanthu. Chimene chimakutetezani ndi mbiri ya dividendi. Kampani imene yakhala ikulipira eni masheya chaka ndi chaka, ndipo ikulipira kuchokera pa ndalama zimene yapezadi osati pa ngongole, ikusonyeza kuti mwini wamkuluyo amakumbukira ang'onoang'ono. Powerengera dividendi kumbukirani kuti msonkho umadulidwa isanafike ku akaunti yanu.

Kukhala ku Mzuzu kukupatsani chinthu chimene munthu wa mu ofesi ku Blantyre alibe, ngakhale tisachikuze mopitirira. Mukhoza kuona ndi maso. Dutsani pa Sunbird Mzuzu Lachiwiri m'mawa muwerenge magalimoto a mabungwe amene abwera ku misonkhano, mubwerenso patapita miyezi itatu. Imani pa depoti muone timatebulo ta Mpamba ndi ta Airtel Money, muone pamene pali mzere. Funsani a magolosale mumsika waukulu ngati shuga akufika mokwanira ndi mtengo umene akuoda. Zimenezi sizilowa m'malo mwa mabuku a kampani, chifukwa Mzuzu ndi kachigawo chabe ka malonda awo. Ntchito yake ndi kukuchenjezani pamene lipoti likunena zina, maso anu akuona zina.

Tibwerere ku khomo lija. Masheya amene akuluakulu alephera kugula chifukwa ndi ochepa pamsika, inunso mudzavutika kuwagulitsa tsiku limene mukufuna ndalama. Mtengo wolembedwa pa lipoti la tsiku ndi wa malonda omaliza, amene mwina anachitika masabata awiri apitawo pa masheya 500 okha. Musanagule, pemphani broker, kampani yokuguliraninso ndi kukugulitsirani masheya, akuuzeni zinthu zitatu: masheya angati akudikira ogula ndi pa mtengo wanji, angati akufunidwa ndi pa mtengo wanji, ndiponso masiku angati mwezi wathawu pamene panachitika malonda. Ngati ogulitsa akufuna K45 pamene ogula akupereka K38, dziwani kuti mukagula lero n'kugulitsa mawa mwataya kale pafupifupi K16 pa K100, musanawerengere ndalama ya broker imene imadulidwa pogula ndi pogulitsa pomwe. N'chifukwa chake ndalama ya fizi ya teremu ikubwerayi, kapena ya feteleza, isalowe kuno. Ikani yokhayo imene mungaiiwale zaka zitatu kapena zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa masheya ang'onoang'ono kudekhako kumayamba pogula pomwe.

Kagulidwe kake n'kosavuta. Mumatsegula akaunti kwa broker wovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndipo iye amakutsegulirani akaunti ya CSD kumene masheya anu amasungidwa m'dzina lanu. Konzani chiphaso cha unzika, umboni wa kumene mumakhala ndi akaunti ya ku banki yolandirira dividendi. Ndalama muzitumiza ku akaunti ya kampani ya broker, osati ku nambala ya foni ya munthu, ndipo pa malonda alionse muzilandira chikalata chosonyeza chiwerengero, mtengo ndi zodulidwa. Polamula, tchulani mtengo umene simukufuna kupitirira. Mukangoti "ndigulireni pa mtengo ulionse" pa sheya yosowa, mudzagula pa mtengo wa munthu mmodzi yekhayo amene akugulitsa tsikulo. Mukapeza theka la amene munafuna, landirani, otsalawo adikire.

Za ku America zija, samalani kwambiri ndi magulu a pa WhatsApp ndi Facebook amene amalengeza kampani yaing'ono imene akuti ikwera mawa. Kachitidwe kake n'kodziwika: eni gululo amagula poyamba, amakopa anthu kuti mtengo ukwere, kenako amagulitsa onse n'kusiya ena atagwira mapepala opanda ogula. Kuonjezera apo, kutumiza ndalama kunja kukagula masheya kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank.

Pa K800,000 yanu, Mayi, ife tikanachita chonchi. Sankhani makampani asanu, muwerenge malipoti awo a zaka zisanu, mutaye awiri kapena atatu amene masamu awo sakukhutiritsani. Otsalawo muwagule pang'onopang'ono, K100,000 kapena K150,000 nthawi imodzi, pa miyezi isanu ndi umodzi, kuti muone zotsatira zina zikutuluka musanamalize ndalama. Pa kampani iliyonse tengani tsamba limodzi la kope, mulembe mtengo umene mwagulira, P/E ya tsikulo, dividendi ya chaka chatha, chifukwa chimene mukuganiza kuti ndi yotchipa m'ziganizo ziwiri, ndi chinthu chimene chikachitika mudzagulitse: dividendi kudumphidwa zaka ziwiri zotsatizana, ngongole ya madola kukula, kapena mtengo kukwera mpaka P/E kupitirira ya makampani anzake. Tsambalo muzilitsegula kawiri pa chaka, tsiku limene zotsatira zatuluka m'nyuzipepala.