Kodi kapini ka AC kakamadontha, gasi ayenera kutayidwa yense?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Matawale. Akuti AC (makina oziziritsa m'nyumba) ya kuchipinda kwawo yasiya kuzizira bwino, ndipo atamasula kachitsekerero ka mkuwa pa makina a panja anamva kampweya kakuti psii. Mmisiri amene anamuitana anawauza kuti atulutse gasi yense, asinthe kapini kotsekera gasi kamene kali pansi pa kachitsekereroko, kenako athire watsopano. Iwo anaona pa YouTube kachida kotchedwa valve core removal tool, ndipo akufunsa ngati n'zoona kuti kamasintha kapini gasi ali momwemo, komanso ngati angagule n'kuchita okha.

Achimwene, n'zoona, kachidako kamachita zimenezo. Ndipo gasi wanu asatayidwe chifukwa cha kapini kamodzi. Gasi ndi wodula, komanso akathawira m'mlengalenga amaononga. Wakale uja, R22, amadya ozone, mpweya wa kumwamba umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 zoyamba kusiya mipweya yodya ozone. Atsopanowa, R410A ndi R32, sakhudza ozone koma amawonjezera kutentha kwa dziko. Ife amene timapsa ndi dzuwa la Okutobala kuno tisamawonjezere nkhuni pamoto.

Kapini kameneka ndi pachibale ndi kaja amakamasula okonza matayala pafupi ndi depoti, dzina lake Schrader. Kufanana kwake kusakunyengeni: labala ya kapini ka tayala siinapangidwire gasi ndi mafuta a kompresa, choncho gulani kopangidwira AC. Yang'ananinso kukula kwa pakamwa pomwe kamakhala. Makina a R22 amakhala ndi 1/4 ya inchi, pomwe ambiri a R410A ndi R32 amakhala ndi 5/16. Mukagula chida cha 1/4 sichimanga pa 5/16, ndipo mukachikakamiza mudya mazinga.

Chidacho chili ndi thupi la mkuwa lomangira pakamwapo, kampopi kotsegula ndi kutseka, ndi ndodo ya kumbuyo yomwe kunsonga kwake kuli timano togwira kapini. Mumamanga thupilo bwinobwino, kampopi kali kotsegula, n'kukankha ndodo mpaka itagwira kapini. Mukamapotoza kumanzere mudzamva mphamvu ya gasi ikukankha ndodoyo m'chikhatho. Musaisiye iuluke, ibwezeni pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwenikweni, kenako tsekani kampopi. Apa gasi watsekeka, mutha kumasula mbali ya kumbuyo n'kuona kapini kakale kali pa timano.

Ndanena kuti mpaka kumapeto kwenikweni chifukwa pamenepa ndi pomwe ndinapsa ine. Tsiku lina ku Chinamwali, mitambo itatsika kuchokera kuphiri, ndinkathamangira kumaliza mvula isanagwe. Ndinatseka kampopi ndodo isanabwerere yonse, ndipo kanaluma kapini pakati, osatsekeka. Nditamasula kumbuyo gasi anatuluka ngati utsi woyera n'kundiwomba pachala. Khungu linayera mbee, kenako linatuluka thuza ngati ndagwira mbaula. R32 amawira pa madigiri pafupifupi 52 pansi pa ziro, ndiye akakhudza thupi amawotcha ndi kuzizira. Kuyambira tsiku limenelo sindigwira chidachi popanda magolovesi ndi magalasi a m'maso.

Pobwezera, kanikizani kapini katsopano pa timano, mangani kumbuyo koma osalimbitsa, tsegulani kampopi pang'ono kwambiri kuti gasi akankhe mpweya umene watsalira m'chidamo, kenako limbitsani. Tsegulani konse, kankhani ndodo, potozani kumanja. Pamafunika mphamvu pokankha, chifukwa masana otentha madigiri 30, makina a R410A akakhala chozimitsa amakhala ndi mphamvu pafupifupi 18 bar. Akamaziziritsa, mphamvu ya mbali ya paipi yaikulu, komwe kuli kapiniko, imatsika kufika cha m'ma 8 kapena 9, ndipo dzanja limapepukidwa. Pomanga kapini gwiritsani zala zokha. Kakangogwira, onjezerani pang'ono basi, kupitirira apo labala imaphwanyika. Mukachotsa chida, pakani thovu la sopo pakamwapo muone ngati likufufuma, pukutani, bwezerani kachitsekerero. Ambiri amakataya kachitsekereroka, chonsecho ndi kamene kamagwira gasi kapini kakayamba kutopa.

Kwa ife amisiri chidachi chili ndi ntchito ina yaikulu kuposa imeneyi. Poika AC yatsopano timakoka mpweya ndi chinyontho m'mapaipi ndi pampu ya vacuum, ndipo kukoka kapini kali momwemo kuli ngati kumwa thobwa kudzera m'kaudzu. Ukakachotsa njira imatseguka, ntchito imafulumira. Geji ya micron, yoyezera mpweya umene watsalira m'mapaipi, umaimanga pakamwa ka m'mbali mwa chidacho, n'kukoka mpaka 500 kapena kutsikirapo, kenako kutseka kampopi n'kudikira. Nambala ikamangokwera osaima, penapake pakudontha. Ikakwera n'kuima, muli chinyontho. M'dzinja la ku Zomba zimenezi si zoseweretsa, chifukwa mafuta a POE a m'makina atsopanowa amayamwa chinyontho msanga, ndipo pakapita nthawi chimasanduka asidi wodya kompresa.

Tsono pa funso lanu lomaliza, ine sindingakulimbikitseni kuti muphunzirire pa AC yanu yomwe ili ndi gasi. R32 amatha kuyaka, ndiye pafupi pasakhale fodya kapena mbaula, ndipo dzanja losazolowera limanjenjemera ndodo ikayamba kukankha. Komanso poti makinawo asiya kale kuzizira, gasi wina wathawa, ndipo wowonjezera amafunika geji ndi sikelo. Funani mmisiri, mumufunse musanagwirizane mtengo ngati ali ndi chidachi cha saizi ya makina anu. Mumuuzenso apake sopo pa manati onse a mapaipi, a panja ndi a m'nyumba, chifukwa nthawi zambiri malo odontha kwambiri amakhala pamenepo.