Funsani Anti: Nyimbo zikundiliza usiku uliwonse, ndifufute?

FUNSO: Anti, amuna anga anatisiya chaka chatha, ndiye chiyambireni usiku uliwonse ana akagona ndimavala mahedifoni nkumamvera nyimbo zomwe tinkakonda awirife, ndimalira mpaka pilo kunyowa koma mawa lake ndimaikanso zomwezo. Achemwali anga akuti ndifufute zonse mufonimu poti ndikungodzizunza dala. Akunena zoona? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi ndi zovutazi. Koma musafufute kaye ayi. Achemwali anuwo akulankhula chifukwa chokukondani, kungoti iwo akuona misozi yokha, zomwe zikuchitika mkatimo sakuziona.

Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya McGill ku Montreal, Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre pamodzi ndi anzawo, anajambula ubongo wa anthu akumvera nyimbo zawo zapamtima, zija ukamamva thupi limachita tsemwe. Anapeza kuti ubongo umatulutsa dopamine, timadzi tomwe timampatsa munthu kukoma akapeza chinthu chomwe amachilakalaka, ndipo chinandigwira mtima ine nchakuti dopamine uja amayamba kutuluka malo okomawo asanafike nkomwe, munthu akungodikira kuti paja kolasi ija ikubwera apa. Nchifukwa chake nyimbo yomwe mukuidziwa mpaka popumira woimba imakukokanibe. Tsono inu zanuzo zanyamulanso mawu a bambo, kaseka kawo, mmene ankalakwitsira vesi yachiwiri, ndiye mukaika nyimbo ija chisoni ndi chitonthozo zimabwera limodzi, palibe chamisala pamenepo.

Chomwe ndikufuna muonetsetse ndi ichi, nyimbo ikatha mukumva bwanji? Ngati mwalira kenako pachifuwa papepuka, tulo tabwera, mmawa mwadzuka nkusamalira ana bwinobwino, pitirizani, maliro anu mukulira mnjira yanu. Koma ngati ikatha mukuyamba kuzungulira pa maganizo amodzimodzi, bwenzi ndikanawatengera kuchipatala msanga, bwenzi ndikanatere, mpaka tambala kulira muli maso, apo nyimboyo yasiya kukuthandizani. Zikatero yesani njira yomwe odziwa kuthandiza odwala ndi nyimbo amagwiritsa ntchito, yambani ndi yachisoni yomweyo poti ndi yomwe ikugwirizana ndi mtima wanu, yachiwiri ikhale yofatsa koma yosaliza, yachitatu yopepukirako, pang'onopang'ono choncho. Kulumphira nyimbo yovina mtima uli chiwawire sizigwira, imangokunyansani.

Ndipo chonde, mukaona kuti papita masabata awiri kapena kuposa palibe chikukusangalatsani, simukugona, kapena akubwera maganizo oti bola ndingowatsatira, musadikire, uzani achemwali anuwo tsiku lomwelo akuperekezeni kwa dokotala kapena mlangizi. Matenda a maganizo amachizika.

FUNSO: Anti mayeso ayandikira, ine ndimawerenga nyimbo zikulira mmakutu apo ayi ndimasinza. Mnzanga akuti ndizimvera za Mozart nzeru zimachuluka, eti nzoona?

YANKHO: Mwana wanga, nkhani imeneyi inachokera pa kafukufuku wa mu 1993 ku University of California, Irvine, pomwe ophunzira 36 atamvera nyimbo ya Mozart, katswiri wakalekale wopeka nyimbo, kwa mphindi 10 anakhozako bwino timayeso toganizira mapangidwe a zinthu, koma phindulo linatha pasanathe mphindi 15. Anthu ndi omwe anaikuza nkhaniyi. Palibe nyimbo ingakulowetsere manotsi mmutu.

Chomwe nyimbo imachita nkukudzutsa ndi kukusangalatsa, basi. Vuto lili pa nyimbo za mawu, chifukwa mbali ya ubongo yomwe ikuwerenga ndi yomwenso ikumva mawu a woimba, mapeto ake watha peji yonse koma chomwe watola ndi kolasi. Mvera zako zokondazo usanatsegule buku kapena popuma, powerenga ika zopanda mawu motsitsa. Voliyumu usamale nayo, a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati pa madesibo 80 (desibo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) munthu asapyole maola 40 pa sabata, ndipo ukakweza nthawiyo imachepa msangamsanga. Ukavula mahedifoni makutu nkumalira kuti ziii, dziwa kuti wapyola.

FUNSO: Agogo athu aakazi anayamba kuiwala, maina athu sakuwadziwanso, koma dzana pawailesi panalira nyimbo yakale iwo nkuimba yonse osaphonya liwu. Kodi amangonamizira kuiwalako?

YANKHO: Ayi ndithu sakunamizira, ndipo musawakalipire. Pa matenda oiwalaiwala monga Alzheimer's, mbali za ubongo zosunga nyimbo zomwe munthu anazizolowera zimachedwa kuonongeka kuyerekeza ndi zosunga maina ndi zochitika dzulo. Kuimba kumayenda njira zakezake muubongo, moti Gabrielle Giffords, phungu wakale wa ku America yemwe anaomberedwa mmutu ku Tucson mu 2011 nkulephera kulankhula, kuimba kunali gawo la thandizo lomwe linamubwezera mawu.

Nyimbo sizichiza matendawa, kuchipatala apitebe. Koma zimawakhazika mtima pansi makamaka madzulo akayamba kusakhazikika. Funsani akuluakulu anzawo zomwe ankaimba ali atsikana, poti za pa chitsikana ndi zomwe zimakhazikika kwambiri, muziika motsitsa, TV itazimitsidwa, inu mutakhala pafupi nkumaimba nawo. Muziwayang'ana nkhope, ina ikawasautsa kapena kuwaopsa isintheni, ndipo musamawayese mafunso oti ndine ndani ine nyimbo ili mkati.