Dzina loti Tory linachokera kuti?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake chipani cha Conservative ku Britain amachitchula kuti Tory. Dzinali linayamba ngati chipongwe. Linachokera ku mawu a chiyankhulo cha ku Ireland akuti tóraidhe, onena za zigawenga zobisala m'tchire.

Pakati pa 1679 ndi 1681 kunabuka mkangano m'nyumba ya malamulo: kodi James, mng'ono wake wa Mfumu Charles II, adzalowe ufumu chikhalirecho ndi Mkatolika? Omuikira kumbuyo ankanyozedwa kuti ma Tory. Nawonso sanagone, anatcha anzawowo ma Whig, kuchokera ku Whiggamore, dzina la a Presbyterian a ku Scotland omwe anaguba kupita ku Edinburgh mu 1648. Mapeto ake mbali zonse zinangowalandira mainawo. James ufumu analowadi mu 1685, koma mu 1688 anamuthotha.

Dzina la Conservative linakhazikika pa gulu la ma Tory m'ma 1830, nthawi ya mtsogoleri wawo Robert Peel, koma la Tory linakakamira. Ine ndimaona kuti atolankhani ndiwo amalisunga, poti n'lalifupi pa mutu wa nkhani. Ma Whig analowa m'chipani cha Liberal mu 1859, chomwe chinaphatikizana ndi chipani cha Social Democratic Party (SDP) mu 1988 n'kupanga chipani cha Liberal Democrats. Ndiwo lero amangoti Lib Dems.