QI ndi ZA si chinyengo: yankho kwa aphunzitsi a ku Mchinji

Aphunzitsi ena a ku Mchinji anditumizira imelo. Akuti Loweruka lililonse amasewera Scrabble, masewero opanga mawu a Chingerezi ndi zilembo pa bolodi, ndi anzawo pa boma, koma masewero amathera m'mkangano. Wina akaika QI kapena ZA, enawo amatsegula dikishonale ya kusukulu, osawapezamo, n'kumuuza kuti achotse. Funso lawo ndi lakuti: kodi munthu angaike mawu amene sakudziwa tanthauzo lake?

Angaike ndithu, aphunzitsi. Lamulo limangofuna kuti mawuwo akhale mumndandanda womwe mwagwirizana musanapise dzanja m'thumba la zilembo. Dikishonale ya kusukulu analembera ophunzira, choncho mawu osowasowa anawasiya dala. Mipikisano yambiri ya Chingerezi ya kunja kwa North America imatsata mndandanda wa mawu wotchedwa Collins Scrabble Words, ndipo wa 2019 uli ndi mawu 127 a zilembo ziwiri. QI ndi ZA alimo. Nigel Richards anapambana mpikisano wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015 chikhalirecho Chifalansacho sayankhula, anangoloweza mawu.

Komabe musalitaye tanthauzo, chifukwa ndilo limakuuzani chomwe mungalumikize kumapeto kwa mawu. QI ndi mphamvu ya moyo m'chikhulupiriro cha ku China, ZA ndi chidule cha pizza. Onsewa ndi mayina, ndiye QIS ndi ZAS amaloledwa. XU ndi ndalama ya ku Vietnam, koma ikachuluka imakhalabe XU, ndipo woika XUS amabwezedwa n'kutaya ulendo wake. JO, kutanthauza wokondedwa m'chiyankhulo cha ku Scotland, akachuluka ndi JOES. Mneni amalandira S, ED ndi ING; mfotokozi nthawi zambiri salandira S. Choncho poloweza, lembani zinthu zitatu m'kope: mawu, mtundu wake, ndi zilembo zomwe amalandira kutsogolo ndi kumbuyo.

Yambirani pa a zilembo ziwiriwo, khumi patsiku, ndipo pomatha masabata awiri mudzakhala mutamaliza. Phindu lake limaoneka mukaika mawu mogundana ndi ena m'mbali. Q ili ndi mapointi 10. Ikakhala pa kabokosi kochulukitsa chilembo katatu, n'kupanga QI chopingasa komanso QI chotsika, mumatenga 31 kawiri, zomwe ndi 62 kuchokera m'tizilembo tochepa. V yokha ndiyo ilibe mawu a zilembo ziwiri, n'chifukwa chake imatseka bolodi.

Q ndiyo imaliza anthu ambiri. Mwa zilembo 100 za m'thumba, ma U ndi 4 okha, ndiye kuisunga podikira U n'kudziphera masewero. Lowezani QAT, QADI, QAID, NIQAB, FAQIR ndi TRANQ, muziitaya msanga.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti mawu ena akwathu kuno anawalandira. KWACHA alimo, mapointi 18 musanawerenge mabokosi ochulukitsa. NGWEE, ija mumaimva mukadumpha malire pa Mwami kupita ku Chipata, alimonso, pamodzi ndi BOMA, NYALA ndi TSETSE. TAMBALA ali ndi zilembo 7, ndiye mukaziika zonse pakamodzi mumaonjezera bonasi ya 50. Koma MALAWI, MCHINJI kapena BUA ayi, poti mayina oyamba ndi chilembo chachikulu saloledwa.

Pa bonasiyo, musamathamangire kutaya S kapena chilembo chopanda kanthu, chomwe chimaimira chilembo chilichonse, pofuna mapointi 8 owonjezera. Ma S ndi 4, zopanda kanthu ndi 2 zokha. Sungani zilembo zogwirizana. A, E, I, N, R, S ndi T zimapereka RETAINS, NASTIER, RETINAS ndi STAINER.

Chenjerani ndi L ndi R. M'Chichewa kuzisinthanitsa sikusintha tanthauzo, koma pa bolodi PROBLEM akalembedwa ndi L pamalo pa R, mnzanu ali ndi ufulu wokutsutsani.

Pa za mkangano uja, ikani pulogalamu yofufuzira mawu a Collins pa foni imodzi, ndipo izitsegulidwa pokhapokha wina watsutsa. Mawu akapezeka kuti mulibe, mwini wake achotse zilembo zake ndipo ulendo umudutse. Akapezeka kuti alimo, mipikisano yambiri ya Collins imapatsa wotsutsidwayo mapointi 5. Mulembe malamulowa papepala onse asanakhale pansi Loweruka likubwerali.