Za kudya ku ma lodge a ku Kentucky Lake, poyankha achemwali aja

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku, koma ndaona kuti ambiri angokuyankhani kuti pitani mukaone nokha ndiye ndati ndilembeko bwinobwino poti derali ndimalidziwa. Mwati mukufuna kunyamuka ku South Bend, m'boma la Indiana ku America, ndi ana komanso amayi anu amene abwera kuchokera ku Nkhotakota, mukagone masiku atatu ku Kentucky Lake, ndipo mukufunsa ngati malesitilanti a m'ma lodge a boma aja ali bwino kapena mungonyamula mapoto anu. Ine ndingoti chitani zonse ziwiri, kadyeni ku lodge ndithu osaphonya, koma poto ndi mthiko zisatsale.

Ndinakhalapo ku Murray zaka zingapo, ndi pafupi kwambiri ndi nyanjayi, moti alendo onse ondiyendera ndinkawatengera kumeneko. Choyamba muwauziretu amayi kuti nyanja yake si ngati yathu ija, asakakhumudwe. Iyi ndi yochita kupanga, anatseka mtsinje wa Tennessee ndi damu lomwe linatha mu 1944, kenako anatsekanso mtsinje wa Cumberland n'kupanga ina yotchedwa Lake Barkley m'ma 1960, ziwirizi zinagona moyandikana ndipo zimalumikizana ndi ngalande ku Grand Rivers. Tsidya lina limaoneka bwinobwino, mchenga ndi wochepa, madzi ake si oyera ngati a ku Senga Bay, koma m'litali ndi yaitali ndithu, mamailosi 184, ndipo mitengo yake imafika mpaka m'madzi. Pakati pa nyanja ziwirizi ndi pamene pali nkhalango ija amati Land Between the Lakes.

Ma lodge a boma la Kentucky amene ali m'mbali mwa nyanjazi ndi atatu. Kuli Kentucky Dam Village ku Gilbertsville, kufupi ndi damu penipeni, lesitilanti yake amati Harbor Lights ndipo mukamadya mumaona maboti ali ndandanda pa doko. Kuli Kenlake cha ku Aurora, hotelo yakale yoyera ili pa kaphiri, lesitilanti yake ndi Aurora Landing. Ndiye kuli Lake Barkley kufupi ndi Cadiz, iyi ndi imene mtima wanga unakonda, nyumba yake ndi ya matabwa akuluakulu ndi magalasi, inatsegulidwa mu 1970, anaijambula ndi Edward Durell Stone yemwe anajambulanso Kennedy Center ya ku Washington, ndipo lesitilanti yake dzina lake ndi Windows on the Water, dzinalo silinama ayi, mbali yaikulu ya chipinda chodyeramo ndi mawindo okhaokha oyang'ana kunyanja. Simufunika kukhala kuti mwagona pa lodge kuti mudyepo, aliyense amangolowa, ndipo ma paki a boma la Kentucky salipiritsa polowa pa geti.

Tsopano za chakudya chenichenicho. Musayembekezere zapamwamba za m'matauni, zokongoletsa mbale ndi timasamba zija kulibe. Ndi chakudya cha kumudzi cha anthu a kumeneko, ndipo chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti ukachiyang'anitsitsa ndi chathu chomwe chija, chimanga, nyemba, masamba, nsomba, kungoti kaphikidwe ndi kena. Mfumu ya pa menyu ndi catfish, ndiye kuti mlamba, amauviika mu ufa wachimanga wothira mchere ndi tsabola n'kuukazinga mpaka kunja kuti khirichi, mkati muli fewefewe. Umabwera ndi timipira tokazinga ta ufa wachimanga ndi anyezi amati hushpuppies, kabichi wosaphika wothira mayonezi, ndi nyemba zoyera. Therere liliponso koma lawo amadula n'kukazinga mu ufa, silitelera ayi. Masamba amati turnip greens ndi achibale a mpiru, kungoti amawawiritsa nthawi yaitali mpaka kuda. Cornbread ndi chigumu basi. M'mawa kuli grits, limene ndi phala la chimanga chogaya mokhakhala, iwo amathira batala ndi mchere pomwe ife tikanathira shuga kapena nsinjiro.

Malume anga atabwera ndinawatengera ku Barkley madzulo ena dzuwa likupendeka, tinakhala tebulo la pa windo. Iwo ndi munthu wa ku nyanja, nsomba amaidziwa, ndiye mbale itabwera anayamba aiyang'ana kaye osalankhula, kenako anaika foloko pambali, ananyema hushpuppy imodzi ndi zala, kununkhiza, kulawa, n'kunena kuti izi ndi zitumbuwa koma aiwala nthochi. Mlamba uja anaudya wonse ndi manja mpaka kunyambita zala, ndipo panalibe olo munthu mmodzi amene anawayang'ana modabwa chifukwa azigogo achizungu a tebulo loyandikana nafe ankadyanso chimodzimodzi. Atamaliza anangokhala phee kuyang'ana madzi akusanduka ofiira, mpaka weita anabwera kawiri kudzafunsa ngati tikufuna zina iwo osamumva. Pobwerera m'galimoto ndi pomwe anandiuza kuti chibwerereni ku America tsiku limenelo ndi lomwe anapuma bwino. N'chifukwa chake ndikuti amayi musawamane zimenezi, pemphani tebulo la pa windo olo akuuzeni kuti mudikire mphindi 20, dikirani.

Koma ndinene chilungamo, chambo kulibe ndipo mlamba wa m'malesitilanti a ku America nthawi zambiri umakhala woweta m'maiwe, si kuti auvuula m'mawa womwewo pansi pa windo lanulo ayi. Umabwera wochotsa mutu ndi minga, ndiye amayi akafunsa kuti mutu uli kuti muwafotokozere. Malo ena a m'derali amagulitsa tiana ta mlamba tathunthu ta minga, amati fiddlers, mukaona dzina limeneli pa menyu itanitsani, ndi amene amakoma kuposa zidutswa zija. Tsabola wawo ndi wofatsa, ine ndimalowa ndi kabotolo ka Nali m'chikwama ndipo sanandiletsepo.

Chinthu china chofunika kwambiri, poti ndikudziwa kuti ku South Bend ndi ku Berrien Springs abale athu ambiri ndi a Seventh Day, ndipo mwina pagulu lanu pali Asilamu. Nkhumba kumeneko ili paliponse, olo m'zinthu zimene simungaziganizire. Nyemba zoyera zija kawirikawiri amaphikira limodzi ndi fupa la nkhumba, masamba aja chimodzimodzi, zitheba nazonso amathira bekoni, ndipo msuzi woyera umene amathira pa masikono m'mawa uja ndi wa soseji ya nkhumba. Ndiye funsani weita mosachita manyazi, amayankha bwinobwino ndipo akapanda kudziwa amakafunsa ku khitchini. Kwa a Seventh Day mlamba nawonso mukudziwa kale kuti ulibe mamba, ndiye njira yanu ndi nkhuku yokazinga, imene amaidziwa kuphika kwambiri anthu amenewa, kapena nyama ya ng'ombe yowotcha ndi mbatatesi yoponda. Pali chakudya china chotchuka cha Kentucky amati Hot Brown, chinayambira ku Brown Hotel ku Louisville mu 1926, ndi buledi woika nyama ya nkhukundembo, msuzi wa tchizi ndi tomato n'kuwotcha mu uvuni, pamwamba amaika bekoni koma mutha kunena kuti asaike. Ndi cholemera m'mimba, mbale imodzi ana awiri agawana n'kukhuta. Amene mumadya nkhumba lawaniko country ham, ya ku Cadiz ndi yotchuka moti amachita chikondwerero chake chaka chilichonse mu Okutobala, koma mchere wake ndi woopsa, ngati amayi ali ndi BP angolawa kachidutswa basi.

Za tiyi ndisaiwale. Mukangoti tea akubweretserani tambula ya tiyi wozizira wodzadza ayisi ndi shuga wambiri. Amayi akafuna tiyi wathu uja nenani kuti hot tea ndipo mupemphenso mkaka padera, apo ayi abwera ndi kachidutswa ka ndimu.

Chimene chimavutitsa alendo ambiri si kakomedwe koma nthawi. Uku ndi kumudzi achemwali, makhitchini amatseka msanga, si ngati ku Chicago kumene umapeza chakudya pakati pa usiku. Ine zinandionekerapo nthawi ina yozizira, tinafika pa lodge ina mdima utagwa, ana ali ndi njala kuyambira masana, tinapeza mipando ataikweza kale pa matebulo, ndipo malo ena onse apafupi anali atatseka poti si nyengo ya alendo, tinayenda mtunda wautali mu mdima agwape akudumpha mu msewu mpaka tinakagula mabisiketi ndi mkaka pa filing'i siteshoni, mwana wamng'ono anagona akulira ndipo zinandiwawa kwambiri. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaimba foni, ndipo inunso imbani pa lodge penipenipo sabata yomwe mukunyamukayo, musadalire zimene zalembedwa pa intaneti. Funsani ngati lesitilanti ikutsegula masiku onse, imatseka nthawi yanji, komanso ngati sakukonza nyumba, chifukwa nyumbazi ndi zakale ndiye nthawi zina amatseka mbali ina kuti akonze. Funsaninso za bafeti, nthawi imene ndinkapitapita kunkakhala ya nsomba Lachisanu madzulo ndi ina Lamulungu masana, ndipo ya Lamulunguyo anthu akangotuluka m'matchalitchi amadzaza thothotho, ndiye mufike isanakwane 12 kapena mudikire cha m'ma 2. Kumbukiraninso kuti kumeneko wotchi ili m'mbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi South Bend, popita mupindula ola koma pobwerera mudzalitaya, ndipo ulendo wake ndi wa maola pafupifupi 7.

Mitengo ndi yapakatikati, banja limakwanitsa. Pa bilu amaonjezera msonkho wa 6 peresenti, ndiye tipu ya weita muikepo 18 kapena 20 peresenti. Ambiri mwa amene amagwira ntchito mmenemo ndi amayi a m'midzi yomweyo ndi ana a sukulu, nthawi zina amakhala ochepa ndiye chakudya chimachedwerapo, koma ulemu ali nawo, amayi anu adzaitanidwa honey ndi ma'am mpaka adzazolowera.

Tsono za mapoto zija. M'malo mobukitsa chipinda cha mu lodge bukitsani cottage, ma paki atatu onsewa ali nazo, zimakhala ndi khitchini, filiji ndi chitofu. Munthu wamkulu wochokera ku Nkhotakota masiku atatu opanda nsima ndi chilango, olo mlamba ukome bwanji. Nyamulani ufa wanu, mthiko, chipande ndi poto amene mumamukhulupirira, tomato ndi anyezi mugule ku Murray, ku Benton kapena ku Cadiz musanalowe mu paki. Ndipo ngati bambo a kunyumba amatha kuwedza agule laisensi, imapezeka pa intaneti olo ya tsiku limodzi, akayese nsomba amati crappie, imagwidwa kwambiri cha mu Malichi ndi Epulo. Imeneyi pa menyu simudzaiona chifukwa malamulo salola kuigulitsa, koma ndi yoyera mnofu, yopyapyala, ndipo mwa nsomba zonse za kuno ndi imene inandikumbutsa chambo. Muikazinge ndi mutu womwe, nsima pambali, mudyere pakhonde.

Mukapita ku Kenlake pali malo amene ndimafuna ana athu aziwaona. Mbali ina ya pakiyi kale inali paki payokha yotchedwa Cherokee State Park, anaitsegula mu 1951 kuti ikhale ya anthu akuda okhaokha, chifukwa nthawi ya tsankho ija munthu wakuda sankaloledwa kugona kapena kudya ku hotelo ya azungu ija. Inali ndi holo yakeyake yodyeramo ndi gombe lake, ndipo anthu ankachokera kutali kudzapuma kumeneko mpaka tsankho la m'ma paki litathetsedwa m'ma 1960. Holoyo ilipobe, anaikonzanso. Ine tsiku loyamba kuiona ndinali nditangodya kumene ku hotelo ija, pa windo, weita wachizungu akundithirira madzi, ndiye nditaima pa holo ija ndinalephera kulankhula. Apititseni ana akaone musanakadye kapena mutadya, ndi ulendo waufupi pa galimoto.

Simunanene mwezi umene mukupita. Ngati ndi Januwale kapena Febuluwale kumazizira ndipo malo ambiri odyera amakhala otseka, koma ndi nthawi imene nkhwazi za kuno, zija za mutu woyera, zimaoneka kwambiri m'mbali mwa nyanja, ndi zachibale ndi nkhwazi yathu ya pa chizindikiro cha dziko ija ndipo amayi akaiona ikutsika kudzatola nsomba adzaizindikira okha. Ngati ndi Julayi bukitsani cottage panopa chifukwa zimatha msanga, ndipo munyamule mankhwala a udzudzu ndi nkhupakupa poti ana adzafuna kulowa m'tchire kukaona njati za ku Elk and Bison Prairie, ngakhale kumeneko mumaonera muli m'galimoto. Ndiuzeni mwezi wake pansipa ndi chiwerengero cha anthu, ndikuuzani kuti mwa atatuwa muyambire kuimbira uti.